Ndikufuna kugula malo kumudzi: kodi kalata ya amfumu ndi yokwanira?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Lilongwe ndipo munthu wina akundigulitsa maekala 3 m'mphepete mwa dambo ku Dowa, pomwe ndikufuna kumanga nyumba ndi kulima chimanga ndi soya. Iye akuti kalata ya anyakwawa ndi yokwanira. Kodi ndipereke ndalama? Wowerenga, Area 25.

Yankho: Musapereke kaye ndalamazo, bambo. Malo ambiri akumudzi si a munthu mmodzi, ndipo m'madera a Achewa ngati Dowa munda umayenda m'mbumba, kotero amene akugulitsayo atha kukhala mkamwini chabe kapena mwana amene sanafunse amalume ake. Milandu yambiri ya malo imabuka patapita zaka, pamene wogula wamanga kale, achibale n'kubwera kudzati munda wa amayi awo sunagulitsidwepo.

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti oona za malo otsogozedwa ndi agulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa, omwe osachepera 3 mwa iwo ayenera kukhala amayi. Choncho siginecha ya anyakwawa okha siingakutetezeni mokwanira. Kumanani ndi eni mbumba, oyandikana nawo munda ndi agulupu, yendani nawo m'malire onse, kenaka mupite ku ofesi ya zamalo ku khonsolo ya boma la Dowa kuti akuuzeni ngati lamulo likulola kuti malowo asinthe mwini, komanso njira yowalembetsera.

Za nthaka zikundidetsa nkhawa kwambiri chifukwa mwatchula dambo. Malo otere amaoneka okongola mu Ogasiti, koma mu Januwale ndi Febuluwale madzi amadikha, chimanga chimasanduka chachikasu n'kupinimbira, soya amaola mizu, ndipo dothi la makande limang'ambika likauma mpaka kuchititsa ming'alu m'zipupa za nyumba. Kawaoneni malowo mvula ili mkati. Mukapeza bango, dziwani kuti pamenepo mpoyenera dimba la masamba m'chilimwe, osati nyumba. Kumtunda, dothi la katondo limabereka bwino chimanga ndi soya, koma ngati timaluwa tofiira ta kaufiti tadzaza m'mizere, nthakayo inaguga ndipo idzafuna manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu kwa zaka zingapo. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo angakuthandizeni kutenga dothi kuti likayezedwe ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze musanamalize kukambirana za mtengo.