Wowonda angakhale bwanji ndi vuto la insulin?

Mayi wina wanditumizira imelo. Adokotala amuuza kuti thupi lake silikumvera insulin (timadzi ta m'thupi timene timathandiza shuga wa m'magazi kulowa m'maselo), chonsecho ndi wowonda, ndiye akufunsa ngati akatswiri akudziwadi chimene chimachitika. Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa yandikumbutsa khosi langa.

Zaka zapitazo khungu la kumbuyo kwa khosi langa linada n'kukhakhala. Ndinkalikhula ndi sopo mpaka kuwawa, poganiza kuti ndi litsiro. Ndikangodya masana, tulo tofa nato. Kuchipatala, woyamba kundiona anangondiyeza ndi maso n'kunena kuti wowonda ngati ine asamadandaule. Mpaka lero zimandinyansa. Khungu lija chinali chizindikiro chodziwika cha vutoli!

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1936 Harold Himsworth ku London anaonetsa kuti odwala shuga ena insulin ali nayo, koma thupi silimumvera. Mu 1988 Gerald Reaven anailumikiza ndi kuthamanga kwa magazi komanso matenda a mtima. Masiku ano ofufuza achotsa maso pa sikelo n'kuloza mkati. Gerald Shulman wa pa yunivesite ya Yale ku America anaonetsa kuti mafuta olowa m'maselo a chiwindi ndi minofu ndiwo amatsekereza insulin. Roy Taylor wa ku Newcastle ku England amati aliyense ali ndi malire ake osungira mafuta, ndipo akadzadza, otsala amathamangira kuchiwindi ndi kapamba. Wina malire ake ndi aang'ono. N'chifukwa chake anthu ochokera kum'mwera kwa Asia amadwala shuga asananenepe kwenikweni. Choncho amene amaweruza poona mimba watsalira, basi.

Ofufuza ena ali pa tizilombo ta m'matumbo, ena pa kusagona mokwanira, ndipo dziko lonse lapenga ndi semaglutide, mankhwala a shuga amenenso amaondetsa. Mankhwalawo amagwira ntchito, sindikana. Chimene chimandipsetsa mtima ndi ogulitsa timabotolo pa intaneti, olonjeza "kutsuka" insulin m'sabata imodzi. Nanenso ndinagulapo kamodzi, manyazi ake!

Ndiye muchite chiyani?

Kafukufuku wa ku America wa 2002 anapeza kuti kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kusintha kadyedwe kunachepetsa chiopsezo cha shuga ndi 58 peresenti, pamene mankhwala a shuga otchedwa metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Ambiri mwa anthu amene anayezedwa pa kafukufukuyo anali onenepa, choncho inu musadziumirize kuonda. Limbitsani minofu, muziyendako mukadya, ndipo pemphani adokotala akuyezeni HbA1c (kuyeza magazi koonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayi) ndi chiwindi.