Mayi a ku Lizulu, pitani ku sukulu ya kwacha

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera ku Lizulu. Anatayipa ndi mwana wa achemwali awo, koma mawu ndi a mayi ena ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Sukulu analekeza Sitandade 2, pano ali ndi zaka 43, ndipo mwana wawo wamkazi ali Fomu 3 pa CDSS, mtima uli ku yunivesite. Akufunsa kuti: "Ndikayamba sukulu ya kwacha, mwanayu zimuthandiza chiyani? Bambo ake akuti ndikungofuna kudziseketsa."

Mayi, pitani. Koma ndisakunamizeni, kumeneko simukaphunzira Fizikisi yoti muzidzamuthandiza mwana madzulo. Sukulu zimenezi, zomwe boma linazikhazikitsa m'dziko lonse mu 1986, zimaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndipo ndi zaulere. Basi. Phindu lake lili pena.

Mayi anga, kwathu ku Mayani, ankati ndikabweretsa lipoti amaligwira ndi manja awiri ngati mbale ya nsima ya alendo, kenako n'kundibwezera kuti ndiwawerengere ndekha. Teremu ina ndinapeza 8 pa Chingerezi. Ndinawauza kuti 8 ndi wamkulu kuposa 3, iwo n'kululutira, nkhuku n'kufa. Mpaka lero ndikakumbukira nkhuku imeneyo manyazi amandigwira. Atayamba sukulu ya kwacha m'kachalichi kapafupi, bodza lotere linatha, chifukwa anayamba kupita okha kwa aphunzitsi, lipoti lili m'manja, chala chili pa nambala.

Ndiye imvani bwino apa. Pa MSCE, mayeso a MANEB a Fomu 4, nambala yaing'ono ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndiye pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma, mwana amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Akhoze masamu bwanji, Chingerezi chikakhala 7 khomo latsekeka. Ndipo malo ndi ochepa, moti makirediti okhawo sapereka malo, amaonanso amene wakhoza kuposa mnzake. Mayi wodziwa zimenezi mwana ali Fomu 3 amakhala ndi chaka chathunthu chokonzera zinthu.

Kukonzako n'kotani? Nthawi zambiri si ndalama ayi, ndi nthawi. Ndikudziwa mmene Lizulu imakhalira tsiku la msika: minibasi ikangoima aliyense amathamanga ndi beseni, ndipo mtsikana wa Fomu 3 ndiye wamiyendo. Mukamadziwa kuwerenga ndandanda ya mayeso, mudzadziwa sabata yoti beseni musenze nokha. Mukamalemba nokha m'kabuku ka banki m'khonde, ndalama ya zofunika kusukulu simudzaisaka tsiku lomaliza.

Zikadzayenda bwino, mafomu a yunivesite za boma amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo mwana amasankha maphunziro a ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni. Palinso bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa. Zikapanda kuyenda, si mathero: akhoza kubwereza pa open school, kapena kuyesa za uphunzitsi, koleji ya St Joseph's ili pa Bembeke pomwepa. Zonsezi zimabwera ndi mapepala, ndipo pepala losaina usanaliwerenge ndi loopsa.

Kuti mudziwe komwe kalasi ikukumana, funsani alangizi a chitukuko a m'dera lanu kapena amfumu.

Za bambowo, musakangane nawo. Bambo anganso ankaseka, ankati nkhalamba ikukatola chiyani pa bolodi. Patapita miyezi, ndinawapeza pakhonde atatambasula risiti ya feteleza, akuwafunsa mayi motsitsa mawu kuti, "Tandionereni apa, alemba matumba angati?"