Kwa mchimwene wa ku Luwinga amene watopa ndi kulonjeza Mulungu

Pasaka atangodutsa ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto ya kabaza cha ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Dzina wandipempha kuti ndisatchule. Akuti chaka ndi chaka pa msonkhano wa Pasaka amapita kutsogolo, kugwada, n'kulonjeza kuti mowa ndi kubetcha mpira pa foni wasiya, koma pofika mu June amapezeka ali momwe muja. Chaka chino kutsogoloko sanapiteko, ndipo Mgonero anauzemba dala. Funso lake ndi ili: "Abambo, kodi chisomo chimatha? Kapena ndingosiya zolonjezazi ndizikhala mmene ndililimu?"

Achimwene, chisomo sichitha. Ndayamba ndi yankho kuti ngati bandulo ingakuthereni pakati, mukhale mutamva zimenezo. Koma kalata yanu yandikhudza pachilonda, ndiye mundilole ndifotokoze.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Mzuzu ndinabwera ndili mnyamata kudzagwira ntchito ya ukalipentala, matabwa a paini a ku Chikangawa akadali osavuta kupeza. Patapita nthawi mng'ono wanga ananditsatira, tinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Chibavi. Amene mukudziwa Chibavi nthawi ya mvula mukudziwa zomwe ndikunena: matope mpaka pakhomo, zovala zosauma sabata yathunthu, usiku kuzizira kolowa m'mafupa. Mwanayo anali woimba, ku kwaya ankaimba tena, ine ndinkangomutsatira. Chaka china m'nyengo ya Lenti anayamba kudwala. Tinayesa uku ndi uku, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Madokotala ndi manesi anayesetsa, zimenezo ndimachitira umboni mpaka lero.

Usiku wina ndili panja pa wodi, nditafunda chitenje cha mayi ena odikirira matenda amene anandimvera chisoni, ndinapangana ndi Mulungu. Ndinati, Ambuye, mukamudzutsa mwanayu ndidzakutumikirani moyo wanga wonse, chakhumi sindidzaphonya, m'mawa uliwonse ndidzakhala woyamba pa mapemphero. Ndinasala kudya. Ndinalira. Ndipo mumtima ndinali wotsimikiza kuti mbali yanga ndakwaniritsa, kwatsala kuti Iye akwaniritse yake.

Mwanayo anamwalira Lachinayi Loyera.

Tinanyamuka ndi maliro m'bandakucha wa Lachisanu, pa lole yobwereka, kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa muli chifunga chokhachokha, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza. M'matauni ena tinkakumana ndi Akhristu ali pa Njira ya Mtanda, mtanda waukulu uli patsogolo, amayi atavala zitenje zofanana, akugwada pa tala. Dalaivala ankachepetsa liwiro kuti tidutse mwaulemu, ena mwa iwo poona nthambi zobiriwira pa galimoto yathu ankavula zipewa. Ine nditakhala pambali pa bokosi lomwe ndinakhoma ndekha usiku wathawo, mumtima munalibe pemphero ngakhale limodzi. Munali mlandu. Ndinkati Mulungu wandidyera masuku pamutu.

Nditabwerera ku Mzuzu, kutchalitchi ndinasiya. Sindinalengeze, ndinangoleka kupita. Lamulungu m'mawa belu likalira ndinkatembenukira kukhoma. Anzanga a kwaya anabwera masiku oyambirira, ena ndi mavesi, ena ndi chidzudzulo, kenako onse anatopa. Anatsala munthu mmodzi, mkulu wa mpingo wokalamba wa cha ku Rumphi, amene Chichewa chake chinkatuluka chitasakanikirana ndi Chitumbuka. Ankabwera Loweruka madzulo atanyamula phava la nthochi kapena chinangwa chophika m'kapepala. Ankakhala pa kampando pafupi ndi mbaula, kuwotha manja, kufunsa za mitengo ya misomali, za mvula, za amayi kumudzi. Za Mulungu ayi. Ndinkadikira tsiku lomwe ayambe ulaliki kuti ndimuyankhe zomwe ndinasunga, koma tsikulo silinkafika.

Pasaka wina akuyandikira, mdalayo anati, "Mwana wanga, mabenchi athu akugwedera, amayi akung'ambitsa zitenje pa misomali. Mubwere ndi hamala Loweruka. Zopemphera sindikukufunsani." Ndinapita chifukwa munthu wamkulu sumukanira ntchito ya manja. Ndinakhoma mabenchi tsiku lonse m'tchalitchi mopanda anthu, kwinaku amayi akukolopa ndi kukonza maluwa, kwaya ikuyeserera panja pansi pa mtengo. Nditafika pa benchi yomwe mng'ono wanga ankakonda kukhala, ndinaika hamala pansi. Mdala uja anandiona, sanandiyandikire. M'mawa mwake ndinapezeka ndakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Sindinalonjeze kanthu tsiku limenelo, ndipo palibe anandifunsa lonjezo.

N'chifukwa chake kalata yanu ndikuimva, achimwene. Nkhani zathu n'zosiyana, koma muzu ndi umodzi. Ine ndinkapereka lonjezo kuti ndigule moyo wa m'bale wanga. Inu mukupereka lonjezo kuti mugule malo pa gome la Ambuye, ndiye lonjezo likasweka mukuona ngati ndalama yanu yakanidwa, simuyeneranso kulowa. Koma gome limenelo silinakhalepo logula. Aefeso 2:8-9 akunena mosabisa kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, ndi mphatso ya Mulungu, sichichokera ku ntchito, kuti wina asadzitamande. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tikadali ochimwa. Sanadikire kuti tiyambe tasintha.

Taonani Petro. Pa ophunzira onse, amene analonjeza mokweza usiku wa Lachinayi ndi iyeyo. Pa Mateyu 26 akuti ngakhale onse akhumudwe, iye yekha ayi, ngakhale kufa adzafa nawo. Usiku womwewo, akuwotha moto wa makala m'bwalo la mkulu wa ansembe chifukwa kunkazizira, anamukana Yesu katatu, koyamba pamaso pa mtsikana wantchito chabe. Tambala analira, Ambuye anapotoloka n'kumuyang'ana, iye anatuluka akulira mowawidwa mtima. Lonjezo lake silinafike ngakhale m'mawa. Lanu limafika mu June.

Nanga Yesu atauka anatani naye? Pa Marko 16:7 mngelo akuuza amayi aja kuti akauze ophunzira, n'kuwonjezera kuti ndi Petro yemwe, kumutchula dzina munthu amene mwina ankadziona kuti sali m'gulu. Ndiye pa Yohane 21, Petro wabwerera ku ukonde, agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu. Aliyense amene anafikapo ku Nkhata Bay m'mamawa n'kuona asodzi akukocheza chimanjamanja akudziwa nkhope zimenezo. Pagombe pali Yesu, wasonkha kale moto wa makala, pali nsomba ndi mkate. Ukonde wadzaza nsomba zazikulu 153, ndipo mawu ake ndi oti bwerani mudzadye. Ayamba adya. Atakhuta m'pamene akumufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo yankho lililonse likutsatidwa ndi ntchito: dyetsa ana a nkhosa anga, weta nkhosa zanga. Sanamuuze kuti lumbiranso kuti sudzandikana. Anamudyetsa, anamufunsa za chikondi, anamupatsa chochita.

Ndipo musaganize kuti kuchokera pamenepo Petro sanapunthwenso. Werengani Agalatiya 2. Ku Antiokeya, zaka zambiri Pentekoste itadutsa, anasiya kudya ndi abale a mitundu ina chifukwa choopa anthu, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Mantha omwe aja a pa moto wa makala. Koma Mulungu sanamuchotse pa ntchito.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa ndi mmene timachitira Pasaka m'mipingo yathu yambiri, ndipo ndinena ngakhale ena akwiye. Timabwereka zokuzira mawu, timaitana mlaliki wochokera kutali, Lachisanu mpaka Lamulungu moto uli lawilawi. Usiku womaliza kiyibodi ikulira pansipansi, mlaliki akuti tsekani maso, kwezani dzanja, bwerani kutsogolo. Anyamata ngati inuyo amabwera ndi mtima woona, misozi ili mbwembwembwe. Alembi amawerenga mitu, lipoti limapita kwa abusa kuti chaka chino alapa ochuluka chakuti. Lolemba matenti amatsitsidwa, mlaliki wakwera basi, ndipo palibe amene akudziwa kuti mnyamata uja amagona kuti. Lachiwiri ali pa siteji ku Luwinga, mvula ikuwaza, makasitomala kulibe, mwini njinga akufuna ndalama yake ya tsiku, mnzake akumuonetsa pa foni kuti wina wawina dzulo. Ndani ali naye pamenepo? Tikamuona wagwa timati chinali chikhulupiriro cha moto wa mapesi. Ayi. Mapesiwo tinasonkha ndife, nkhuni sitinaikepo. Kukolola malonjezo a anthu kenako n'kuwasiya okha ndi tchimo la mpingo, ndipo tiyenera kulilapa ife akuluakulu tisanauze ana kuti alape.

Choipa china, poti ndayamba kale, ndi malonda amene alowa m'nyumba ya Mulungu. Envelopu ya mbewu, madzi odzozedwa a mtengo wakuti, mafuta a mtengo wakuti, kuonana ndi munthu wa Mulungu ulipire kaye. Munthu amene wakulira m'zimenezi angakhulupirire bwanji kuti chisomo n'chaulere? Mwachidziwikire aziganiza kuti akalephera kulipira, kaya ndi ndalama kaya ndi khalidwe, chitseko chatsekedwa. Ndipo kunena zoona, kufesa K5,000 kuti Mulungu akubwezere K500,000 sikusiyana kwenikweni ndi kubetcha komwe tikumuletsa mnyamatayu. Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8 anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo amene anamukalipira koopsa ndi Petro yemweyo, munthu amene ankadziwa bwino kuti iye anailandira ulere.

Pasaka si masiku atatu

Pa kalendala ya mpingo nyengo ya Pasaka ndi masiku 50, kuyambira Lamulungu la kuuka mpaka Pentekoste. Machitidwe 1:3 akuti Yesu anakhala akuonekera kwa ophunzira ake masiku 40 asanakwere kumwamba. Bwanji sanangouka n'kupita? Ine ndimaona kuti ankatolera anthu ake mmodzimmodzi. Awiri aja a ku Emau amene anali atataya mtima. Tomasi, amene anaphonya msonkhano woyamba n'kukana kukhulupirira, Yesu anamubwerera patapita masiku asanu ndi atatu. Petro kunyanja. Ndiye inu amene mukuti mwaphonya Pasaka wa chaka chino, simunaphonye, tikadali momwemo.

Ife a kumpoto kuno tili ndi mbiri yomwe imayenera kutiphunzitsa kudekha. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Pomwe ankasamukira ku Bandawe mu 1881, m'mbuyo anasiya manda asanu a anzawo, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Akanakhala alembi athu a masiku ano akanalemba kuti msonkhano walephereka. Koma Robert Laws, mtsogoleri wa amishoniwo, anakhalabe, anakwera ku Khondowe mu 1894, ndipo anachoka m'dziko muno mu 1927, atatha zaka zoposa 50. William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Akhosa wochokera ku South Africa, anakhala pakati pa Angoni ku Njuyu mpaka imfa yake mu 1886, zipatso zambiri asanazione. Lero sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, imene inabadwa pamenepo, likulu lake lili mu mzinda wathu uno. Kudzipereka kumene ine ndimakudziwa n'kotero, kudzuka m'mawa n'kukhalapobe, ngakhale dzulo sizinayende. Paulo pa 1 Akorinto 15:10 akuti anagwira ntchito koposa onse, komabe si iye, koma chisomo cha Mulungu chimene chinali naye. Chisomo chimayamba, thukuta limatsatira, ndipo thukutalo limakhalapo ndithu. Musandimve ngati ndikuti mowa ndi juga zilibe kanthu. Zikukudyerani ndalama ya mafuta, ndipo munthu woledzera pa njinga wanyamula moyo wa mwana wa eni ake kumbuyo.

Tsono musasiye kulimbana, koma siyani kulonjeza za chaka chathunthu muli nokha. Sabata ino pitani kwa mkulu wa mpingo mmodzi amene mumamukhulupirira, osati wolongolola, mukamuuze zonse monga mwandiuzira ine, ndipo za Mgonero mukambirane naye m'malo modziweruza nokha. Ma apu obetchera achotseni pa foni lero, iye akuona. Ndalama ya tsiku isagone m'foni mwanu, madzulo aliwonse muzipereka kwa akazi anu kapena kwa m'bale, kapena mulowe chipereganyu ndi anzanu osamwa. Pemphani kantchito ku tchalitchi, ngakhale kukatenga agogo amene miyendo ikuwavuta Lamulungu m'mawa, njinga muli nayo. Ngati mowa wafika poti mukapanda kumwa manja amanjenjemera, amenewo ndi matenda, ndipo a chipatala cha St John of God kuno ku Mzuzu amathandiza anthu otere, kupitako si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mukagwa Lachiwiri, Lachitatu m'mawa muimbire mkulu uja, musadikire Pasaka wa chaka chamawa.

Ngati kumpingo kwanu simukupeza munthu woti n'kumuuza, ndilembereninso. Loweruka masana ndimakhala ndilipo, tikhoza kukumana ku Katoto n'kumwa tiyi.