Khirisimasi ku Buenos Aires muli nokha, mukuphunzira gule wa tango

Achemwali, mwati mukufuna kupita nokha ku Buenos Aires kwa masabata atatu nthawi ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano kuti mukaphunzire tango, koma simunavinepo ndipo Chisipanishi simuchidziwa. Zimatheka ndithu. Chomwe tingakupempheni n'chakuti musinthe tsiku lofikira. Musakafike pa 22 kapena 23 Disembala. Fikani cha pa 10 Disembala ngati n'kotheka, chifukwa pa 11 ndi tsiku la tango m'dziko la Argentina, lokumbukira kubadwa kwa akatswiri a nyimbo za tango Carlos Gardel ndi Julio De Caro, ndipo mumzindamo mumakhala zovinavina zambiri.

Chifukwa chenicheni chofikira msanga ndi usiku wa pa 24. Kumeneko chikondwerero chachikulu chimakhala usiku umenewo, ndipo n'chapabanja. Anthu amadya mochedwa, ikakwana 12 koloko amamwa sidra (mowa wa maapozi), kudula pan dulce (buledi wotsekemera wa Khirisimasi), kenako makombola. Madzulo ake masitolo amatseka msanga, mabasi amachepa, takisi imasowa, ndipo malo odyera omwe atsegula amafuna musungitse malo pasadakhale. Pa 31 zimabwerezanso chimodzimodzi. Munthu wofika dzulo lake amagona yekha m'chipinda akungomva phokoso la anzake. Koma amene wakhala akubwera m'kalasi imodzi kwa masabata awiri amakhala atadziwana ndi alendo ena omwe alinso okha, ndipo pamenepo ndi pomwe pamachokera mawu akuti "pa 24 tidyere limodzi". N'chifukwa chake timalangiza kugona m'nyumba za alendo zomwe zimalandira makamaka ovina tango, cha kumadera a mumzindamo a San Telmo, Almagro kapena Palermo, osati fulati yanu nokha. Musanalipire, afunseni ngati amakonza chakudya cha onse pa 24 ndi pa 31. Zakudya zanu mugule pa 23 kapena m'mawa wa pa 24. Abale kumudzi muwaimbire kusanade, poti ikamakwana 7 koloko madzulo ku Buenos Aires, ku Malawi ndi ku Zambia ndi pakati pausiku.

Tsopano za kuvina. Pali malo atatu ndipo musawasokoneze: clase ndi kalasi, práctica ndi malo oyeserera komwe mungaime n'kubwereza zomwe zakukanikani, milonga ndi gule weniweni wokhala ndi malamulo ake. Sabata yoyamba ikhale ya clase ndi práctica basi. Kalasi ya gulu imodzi patsiku, ya ola limodzi kapena ola ndi theka, kuwonjezerapo ya inu nokha ndi mphunzitsi kawiri pasabata, zimakwana. Kuposa pamenepo mapazi amatupa ndipo zomwe mwaphunzira zimasakanikirana. Khalani ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri, chifukwa aliyense amafotokoza kagwiridwe mwanjira yake ndipo woyamba kumene akamva njira zisanu amangozunguzika.

Oyamba ambiri amathamangira gancho ndi boleo, zija zoponya mwendo zomwe amaziona pa intaneti. Zisiyeni kaye. Pemphani kuyenda, kusamutsa thupi lonse kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake, abrazo (kagwiridwe kokumbatirana povina), ndi ocho (kuponda mozungulira ngati mukulemba nambala 8 pansi). Mukaima thupi lili pakati pa miyendo yonse iwiri, wokutsogolerani sadziwa mwendo womwe uli womasuka, ndiye mumapondana. Mukayang'ana pansi, mutu umakokera thupi kutsogolo ndipo mumayamba kulendewera pa mnzanuyo. Pa ocho, kutembenuka kumayambira pachifuwa, chiuno n'kutsatira, phazi n'kuzungulira pa mbali yakutsogolo chidendene chitapepuka. Poyeserera kuyenda, nyimbo za gulu la Carlos Di Sarli zimathandiza poti kugunda kwake kumamveka bwino ndipo sikuthamanga.

Nsapato musazitenge mopepuka. Yokhala ndi labala kunsi imamata pansi, ndiye potembenuka phazi limatsalira, bondo n'kupotoka. Mufunika ya chikopa kapena ya gamuza (chikopa chofewa chosanyezimira) kunsi. Mukagulire komweko, koma yambani ndi chidendene cha masentimita 5 mpaka 7, ndipo ikugwireni bwino chifukwa chikopa chimatambasuka. Masiku oyamba muzivala ola limodzi lokha, matuza angakulepheretseni sabata yonse. Muzinyamula m'kathumba n'kukavalira mkati, osayenda nazo pamsewu.

Ku milonga si ngati kuukwati komwe aliyense amangolowa m'bwalo nyimbo ikamugwira. Nyimbo zimabwera m'magulu otchedwa tanda, zitatu kapena zinayi, kenako kanyimbo kena kosavinidwa kotchedwa cortina, ndipo onse amabwerera pamipando. Kuitanirana n'kwa maso, amati cabeceo: mumayang'ana amene mukufuna kuvina naye, iye akagwedeza mutu pang'ono inu mumavomera chimodzimodzi. Khalanibe pampando mpaka adzaime patsogolo panu, chifukwa mwina amaitana wakumbuyo kwanu. Ngati simukufuna, yang'anani kumbali basi, palibe wachita manyazi. Ngati maso anu saona patali, magalasi musawasiye m'chikwama, ndipo amene maso ali pafoni saitanidwa. Mukavomera mumavina tanda yonse. Mawu akuti gracias (zikomo) mukawanena pakati pa tanda amatanthauza kuti mwathana naye, choncho muwasunge mpaka kumapeto. Koma dziwaninso kuti ndicho chida chanu: wina akakufinyani mopyola muyeso kapena dzanja lake likayamba kusochera, nenani gracias n'kupita kukakhala. Onse m'holomo amamvetsa ndipo palibe angakufunseni. M'bwalo anthu amazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, osapitirirana, ndipo pakadzaza chidendene chisachoke pansi.

Poyambira pabwino ndi La Viruta ku Palermo, komwe kumakhala makalasi gule asanayambe, komanso zapanja monga La Glorieta ku Belgrano ndi ya Lamlungu ku Plaza Dorrego. Ku El Beso amasunga mwambo kwambiri, pitani mukaonerere kaye. Kukhala osaitanidwa usiku woyamba n'kwachizolowezi, anthu amafuna akuoneni mukuvina kaye, n'chifukwa chake kupita ndi anzanu a m'kalasi kumathandiza. Alipo ovina olipidwa otchedwa taxi dancer, ngati mwafuna gwirizanani mtengo ndi maola musananyamuke. Tsiku lililonse muziyang'ana pa Hoy Milonga, tsamba la pa intaneti losonyeza milonga za tsikulo, chifukwa sabata ya zikondwerero malo ena amatseka kapena kusintha nthawi.

Zotsalazi n'zachidule. Pasipoti ya Malawi imafuna viza, yambani msanga, pomwe ya South Africa kapena Britain imalowa popanda viza kwa masiku 90. Maulendo ambiri ochokera kuno amadutsira ku São Paulo, gulani tikiti imodzi mpaka ku Ezeiza, bwalo la ndege la Buenos Aires. Pezani khadi la SUBE lokwerera basi ndi Subte (sitima yapansi pa nthaka), koma milonga zambiri zimatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha Subte itatseka kale, ndiye itanani galimoto muli mkati, osaima pamsewu foni ili m'manja. Muziyenda ndi mapeso (ndalama zakumeneko) apamanja olipirira pakhomo. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi awo, tengani adaputala. Disembala ndi Januwale kumatentha ndipo kumakhala chinyontho, nthawi zambiri kupitirira madigiri 30, choncho m'chikwama muzikhala malaya osinthira, kathaulo, ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, chifukwa nyengo imeneyi kumakhalanso matenda a dengue.