Funsani Amakaniko: Land Rover ya malemu bambo ndiigulitse bwanji?

Funso: Bambo anga atamwalira adasiya Land Rover Series III ya 1978, yaitali ija ya 109, ya petulo. Idakhalitsa pansi pa mtengo wa mango mpaka ndidaikokera ku galaja. Injini adaiphwasula n'kuimanganso, mabuleki ndi atsopano, penti nayo yonyezimira. Koma mafuta ikumwa ngati ilibe chisoni, ndiye ndikufuna kuigulitsa. Onse amene abwera akutchula theka la ndalama zimene ndidaononga. Mnzanga akuti ndiikemo injini ya dizilo ya Toyota kuti mtengo ukwere. Blue book ikadali m'dzina la bambo. Nditani?
Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Achimwene, nkhani mwaitchula kumapetoyo ndiyo yaikulu. Galimoto ya m'dzina la malemu simungaigulitse inu nokha, ngakhale ndalama zokonzera zidachoka m'thumba mwanu. Ndi chuma chamasiye, ndipo lamulo la 2011 loona za chuma chotere limateteza mayi ndi ana onse. Khalani pansi ndi abale anu mugwirizane, mupeze kalata yokupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho, kenako mupite ku Road Traffic akasinthe dzina. Pitani nokha, musadzere kwa madobadoba. Musanapite, gwadani kutsogolo kumanja, pomwe sipulingi imagwira chasisi, mupukute fumbi muwerenge nambala yodindidwa pamenepo. Ikasiyana ndi ya m'buku, wogula wozindikira abwerera pa geti.

Za injini ya Toyota, ayi. Ogula galimoto yotereyi ali pawiri. Wina akufuna chonyamulira matumba a chimanga m'misewu ya matope, ndipo ameneyu sangakupatseni zambiri, popeza ndi ndalama zomwezo apeza pikapu yakale yosavuta zipangizo. Ndi amene akhala akubwera kwanuwo. Wachiwiri amaikonda chifukwa cha ukalamba wake womwewo: Series III adasiya kupanga mu 1985, ndipo Defender yakale yomwe idatsatira adaisiya mu 2016. Munthu wotere amafuna injini yake yeniyeni. Mukaichotsa mwamuthamangitsa, kuonjezera apo giyabokosi ya Series sichedwa kulira ikapatsidwa injini yamphamvu kuposa msinkhu wake.

Penti musaidalire. Bodi ya galimotozi ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, n'chifukwa chake imaoneka bwino kunja pamene pansi patha. Chasisi ndi chitsulo, chimodzimodzi khoma lolekanitsa injini ndi popondera mapazi. Wodziwa akafika sayang'ana mipando, amagona pansi ndi kahamala n'kumagogoda chitsulo chopingasa cha kumbuyo ndi timikono togwira bodi. Galimoto yokhalitsa pansi pa mtengo ndimaikayikira kwambiri malo amenewa, poti masamba onyowa amaunjikana m'ngodya. Ngati mudawotcherera penapake, nenani nokha ndipo muonetse zithunzi. Ine ndikaona chasisi yopakidwa phula wakuda watsopano popanda wondifotokozera, ndimatsitsa mtengo pomwepo.

Choncho itsukeni pansi, muijambule masana mbali zonse, pansi ndi mu injini momwe, musonkhanitse malisiti a galaja, COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikhale yamoyo. Ilengezeni m'magulu a okonda Land Rover pa Facebook komanso kwa eni malo ogona alendo kunyanja ndi kumalo osungirako nyama. Ena akunja amafunsa ndithu, chifukwa ku America amalola kulowetsa galimoto yopitirira zaka 25, koma chenjerani ndi wolonjeza ndalama zambiri asanaione.

Ndalama zonse zimene mudalowetsa mwina sizibwerera, ntchito yokonza galimoto yakale imatero kawirikawiri. Koma theka ndi lochepa ngati chasisi ili yolimba. Makiyi mupereke ndalama zitaoneka mu akaunti yanu, osati pa uthenga wa pafoni wokuonetsani wogula, ndipo tsiku lomwelo mupite naye limodzi kukasintha umwini.