Nyumba ya agogo musaimate simenti

Mayi wina wa ku Ulongwe wandilembera imelo. Malemu agogo ake adasiya nyumba yanjerwa mumzinda wa Tete, pulasitala ikuyoyoka m'munsi mwa zipupa, ndipo alongo ake akuti aigwetse amangepo nyumba zalendi. Akufunsa ngati ingapulumuke.

Mayi, funso lanuli landilasa mtima. Chiyambire malasha a ku Moatize kukokera anthu ku Tete, malo adakwera mtengo, ndipo nyumba yakale ikakhala pamalo abwino eni ake amaiona ngati chitsa m'munda. Lero pali khonde lalitali ndi zipupa zochindikala, mwezi wamawa ndi fumbi lokhalokha. Chobwerapo ndi chimango cha mabuloko opyapyala, choti mu Okutobala kutentha kukapyola madigiri 40 simugonamo. Chonsecho yakaleyo inkazizira yokha. Timanyadira linga la São Tiago Maior ndi tchalitchi cha Ajezuiti ku Boroma, koma mzinda sukhala ndi nkhope chifukwa cha nyumba ziwiri. Alongo anuwo akulakwitsa, ndanena ndanenadi.

Muwauzenso kuti lamulo la dziko la Mozambique nambala 10/88 limateteza nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Fufuzani chaka chake, mukafunse ku ofesi ya zachikhalidwe ya chigawo musanakhudze njerwa.

Tsono za chipupacho. Kuyoyokako ndi chinyezi chochokera pansi, chimakwera ndi mchere mpaka cha m'chiuno. Mukaona zoyera ngati ufa panjerwa, ndi mcherewo. Amisiri ambiri amathamangira simenti, ndipo apa ndiye pamafera nyumba zambiri. Simenti imatsekera madzi mkati, njerwa yofewa n'kumafumbwa kuseri kwake, tsiku lina chigamba chonse chimagwa chitamatira theka la njerwa.

Yambani ndi denga: malata odontha, ndi matabwa amene chiswe chadya (gogodani, odyeka amalira ngati ng'oma). Kenako chotsani dothi lounjikana pamaziko, mukumbe ngalande kuti madzi amvula azithawa nyumba. Gobolani pulasitala yowola, chipupa chiume chilimwe chonse.

Pomata, gwiritsani ntchito laimu, amene m'masitolo amamutcha cal. Munyikeni m'mgolo wamadzi masabata awiri kapena kuposa mpaka akhale ngati phala. Chidebe chimodzi cha laimu, zitatu za mchenga wamumtsinje wosefa. Nyowetsani chipupa, matani mopyapyala osapyola sentimita imodzi, dikirani sabata musanabwereze. Dzuwa la ku Tete likaumitsa msanga imang'aluka, choncho tchingani ndi masaka onyowa, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Valani magolovesi, laimu amawotcha manja ndi maso.

Penti wamafuta ayi, pakani laimu wosungunula. Koma ngati pali mng'alu wopingasa woti chala chikulowa ndipo ukukulabe, vuto lili m'maziko. Pamenepo itanani injiniya, osati mmisiri wapakhomo.