Kodi umulungu wa Yesu unachokera ku mavoti a ku Nicaea?

Zikomo akonzi. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Linthipe, Dedza, ndili ndi digiri ndipo ndikufuna ndikachite masitazi ya theology. Koma tsiku lina tikudikira minibasi pa siteji mnzanga anandiuza kuti zoti Yesu ndi Mulungu anazipanga ndi mfumu Constantine, akuti mabishopu anangovota basi ngati masankho a makhansala, ndiye ndagwa mphwayi, kodi sindikabwerako chikhulupiriro chitatha?
Mphunzitsi, Linthipe

Aphunzitsi, anzanuwo anamva mbali imodzi n'kuthamanga nayo. Msonkhano wa mabishopu ku Nicaea unachitikadi mu 325 ndipo anauitanitsa ndi Constantine yemweyo, mfumu ya Aroma, apo sananame. Koma Akhristu anayamba kalekale kupembedza Yesu. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wachiroma Pliny, yemwe sanali Mkhristu n'komwe, analembera mfumu Trajan kuti anthuwa amasonkhana m'bandakucha n'kumayimbira Khristu nyimbo ngati mulungu. Ignatius, bishopu wa ku Antioch, nayenso nthawi ngati yomweyo m'makalata ake ankamutchula Yesu kuti Mulungu wathu. Apo n'kuti Constantine asanabadwe, olo bambo ake.

Chomwe anakanganirana ku Nicaea chinali choti Mwana, kutanthauza Yesu, ndi Mulungu motani. Arius, wansembe wa ku Alexandria ku Egypt, ankati Mwana ndi woposa zolengedwa zonse inde koma analengedwa ndithu, inalipo nthawi yomwe iye kunalibe. Bishopu wake Alexander ndi dikoni wachinyamata Athanasius anakana kwamtuwagalu, amvekere ngati analengedwa ndiye kuti tikugwadira cholengedwa, nanga cholengedwa chingapulumutse bwanji cholengedwa chinzake? Ndiye ku Nicaea anagwirizana pa liwu la Chigiriki loti homoousios, kutanthauza kuti chimene Atate ali ndi chomwechonso Mwana ali, wobadwa osati wolengedwa. Mabishopu awiri okha ndi omwe anakana mpaka mapeto kusaina.

Tsono pali chinachi choti mukawafunse anzanuwo. Ngati mfumu ndiyo inapanga chiphunzitsochi, bwanji Constantine yemweyo anadzathamangitsa Athanasius pampando wa ubishopu wa ku Alexandria, n'kudzabatizidwa mu 337 ndi Eusebius wa ku Nicomedia yemwe anali mbali ya Arius? Mwana wake Constantius ndiye anachita kuonetseratu kuti za ku Nicaea sakuzifuna, Athanasius anathamangitsidwa kasanu konse moyo wake wonse. Boma linali likukokera kwina, nkhani inadzakhazikika pa msonkhano wina wa mabishopu ku Constantinople mu 381.

Kenako panabuka ina, umulungu ndi umunthu zikukhala bwanji mwa munthu mmodzi. Mabishopu anakumananso ku Ephesus mu 431 ndi ku Chalcedon mu 451, ku Chalcedon uko anati Khristu ndi mmodzi m'zikhalidwe ziwiri, mipingo ya ku Egypt ndi Ethiopia sinavomere mawu amenewo mpaka lero. Ndipo taonani maina ake, Arius, Athanasius, Cyril bishopu wa ku Alexandria, Tertullian mlembi wachikhristu wa ku Carthage, onsewa ndi a kuno ku Africa konkuno, ine zimandiwawa anthu akamati izi ndi nkhani za azungu.

Za masitazi pitani, musaope. Kungoti musayembekeze kuti ndi Baibulo sitade ya Lachitatu madzulo ayi, mukawerenga Arius mofatsa ngati mukumuyimira pa mlandu kwa amfumu, ndipo masiku ena tulo tikasowa. Amene amabwerako atasokonekera nthawi zambiri ndi uja anapita akuganiza kuti mpingo sunakanganepo. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuni kuli madipatimenti a theology, kulikonse mungasankhe yambani mwaona ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, masetifiketi ogula pa intaneti achuluka. Chigiriki yambani pano, olo zilembo zokha madzulo mukamaliza kuchonga makope, chifukwa homoousios ndi homoiousios zimasiyana kalemba kamodzi koma loyamba likuti chimodzimodzi, lachiwiri likuti ofanana chabe.

Mutu wa kafukufuku musakaufune kutali. Tsikirani ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, mukaone momwe amisiri osema amaonetsera Khristu ndi nkhope ya kwathu kuno, kenako mufunse amayi a mvano ndi madoda a kumpingo kwanu kuti akamati Yesu ndi Mwana wa Mulungu amatanthauza chani. Mutenge kope, mayankho ena akafanana ndi a Arius eni ake osadziwa.